Malangizo a zakudya ali bho, koma bambo wa pakauntala uja ayi

Ndikanalemba tsiku lomwelo bwenzi kashopu ka ayurveda (mankhwala achikhalidwe a ku India) kamene ndinapitako nditakapatsa nyenyezi imodzi. Ndadikira dala miyezi iwiri kuti mtima ukhale kaye pansi.

Vuto langa ndi chilungulira, chija ukangoti ugone chimakwera mpaka pakhosi mkamwa n'kumawawasa. Chinakula nditayamba manaiti ku keya (nyumba yosamalira okalamba) kuno ku Leicester ku England, mankhwala a Gaviscon osachoka m'chikwama. Kumudzi agogo akanangoti nyambita phulusa, koma kuno phulusa ulitenga kuti. Mnzanga wa kuntchito, mmwenye wobadwira ku Limbe, ndi amene anandilozera kashopu ka ayurveda kena cha ku Belgrave Road, kali ndi chipinda kumbuyo chowonerako anthu. Ndinalipira mapaundi 45 owonana ndi adokotala.

Mayi amene anandiwona ndilibe nawo chifukwa. Anandigwira pamkono ndi zala zitatu, kundiuza nditulutse lilime, kenako mafunso, mumadya nthawi yanji, mumagona bwanji, kodi mumapsa mtima msanga (apa ndinanama pang'ono). Akuti kwawo matendawa amawatchula amlapitta. Amati m'thupi muli zinthu zitatu, vata, pitta ndi kapha, pitta ndiye wa moto, ndiye ine moto wachuluka. Anandiletsa tsabola, zowawasa, zokazinga, mchere wambiri, khofi ndi zosasa zonse. Atafika pa tomato ndinaseka, ndiwo zopanda tomato ndi ndiwo zanji, ndipo botolo langa la Nali ndimachita kutumitsa ndi anthu ochokera kumudzi. Anati ndizidya khichdi, mpunga wophika pamodzi ndi mphodza zija amati mung, kuthirako pang'ono mafuta a batala amati ghee, maungu, nkhaka, ndiziviika njere za coriander m'madzi usiku n'kumwa m'mawa, ndikatha kudya ndizitafuna njere za fennel. Chakudya chachikulu masana, osati kukhuta nsima 7 koloko m'mawa pochokera ku shifiti kenako n'kudzigwetsa pabedi, zomwe ndi zimene ndinkachita ndendende.

Nkhani yagona pakauntala. Bambo uja anangolanda pepala langa osaliwerenga bwinobwino, n'kutsitsa botolo la ufa wotchedwa Avipattikar churna, ati sipuni imodzi ndi madzi ofunda musanadye, ndi zachilengedwe izi palibe vuto. Ndinafunsa kawiri ngati ndingamwe ndikupita ku ntchito, iye maso ali pa foni, ati imwani basi. Sipuni yanji sananene. Ine kufika kunyumba ndinatenga sipuni yodyera phala, kudzaza mpaka kaphiri, kumwa cha m'ma 6 madzulo n'kukakwera basi.

Abale inu. 11 koloko isanakwane m'mimba munayamba kulira ngati chigayo cha dizilo. Pafuloo tinalipo awiri okha, mabelu akulira mbali zonse, agogo ena akufuna kuwatembenuza, ine ndili m'toileti ya antchito thukuta kamukamu nditagwira khoma. Ndikatuluka ndisambe m'manja ndivale magolovesi, mwayambanso. Ndinawerenga maulendo 7 kenako ndinasiya kuwerenga. Nesi anandibweza 3 koloko usiku poopa kuti ndi kachirombo kopatsirana, ndipo lamulo la m'makeya mukulidziwa, ukatsegula m'mimba sufika pantchito mpaka patadutsa maola 48. Mashifiti awiri anapita choncho, ndalama ya thiransipoti ya taxi osanena. Mawa lake ndi pamene ndinawerenga tizilembo ta pabotolo n'kufufuza, muli mtsitsi wotchedwa trivrit umene ntchito yake ndi yotsegula m'mimba. Munthu amagulitsa zimenezi tsiku ndi tsiku, angalephere bwanji kunena mawu awiri okha?

Nditabwerera kukadandaula, bambo uja olo pepani. Ati ameneyo ndi pitta akutuluka, muzisangalala. Kenako akufuna andigulitsenso mulethi, mizu yotsekemera ija azungu amati liquorice, chonsecho pafomu ndinalemba ndekha kuti ndimamwa mankhwala a BP, ndipo wa ku famasi anandiuza kuti liquorice amakweza BP. Apa ndiye ndinayankhula mawu amene sindingalembe pano.

Koma chilungamo ndinene. Mayi aja anandiimbira foni madzulo ake kupepesa, ndipo titayang'ana pepala lija anali atalemba theka la kasipuni ka tiyi, ndiye kaphiri kaja mbali ina ndi kupusa kwanga. Ufawo sindinaukhudzenso, koma zakudya ndinatsatira, ndipo pofika sabata yachitatu ndinayamba kugona osadzuka ndi moto pakhosi. Kaya ndi pitta kaya ndi chani, ine ndikuona ngati chachikulu n'kusiya khofi wa usiku, tchipisi, ndi kudya kenako n'kugona pompo. A GP, adokotala anga a kuchipatala, anandiuzanso zofanana ulere, kuti ukadya pazidutsa maola 3 kapena 4 usanagone ndipo bedi likwereko kumutu, n'kundiyeza chimbudzi kufufuza H. pylori, kachirombo koyambitsa zilonda za m'mimba, sanakapeze. Anatinso chakudya chikayamba kukakamira pakhosi kapena ndikamaonda popanda chifukwa ndithamangire kwa iwo, osati ku shopu ya zitsamba. Madzi a coriander ndimamwabe, fennel ndinamuzolowera moti ndimagula wa m'paketi ku shopu ya zakudya pamtengo wochepa kwambiri. Khichdi ndi phala la odwala basi, tisanamizane, koma pa naiti amakhala bwino m'mimba.

Nyenyezi zitatu, zonse ndi za mayi aja. Mukapita werengani nokha pepala lanu musanafike pakauntala. Tomato ndabwerera pang'onopang'ono, Nali ndinayesa Lamulungu lapitali kadontho kamodzi pa nkhuku, usiku wake ndinagona chokhala.