Bokosi la ndiwo zakumudzi lopita ku Leeds: pa nsomba amayiwa amatha, koma pa mtengo chenjerani

Ndawapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, imodziyo ndachotsa chifukwa cha nkhani ya mtengo ndi ya kambuzi, ndifotokoza m'munsimu. Awa ndi amayi ena a ku Area 25 amene amalongedza zakudya zakuno kwathu n'kumatumizira abale athu ali kunja, amatsatsa pa Facebook koma zonse mumakambirana pa WhatsApp ndipo kulipira ndi pa Airtel Money kapena Mpamba. Dzina sinditchula, si okhawa amene akupanga geni imeneyi mu Lilongwe muno ndiye zomwe ndilembe apazi zikuthandizani ngakhale mutapita kwa ena. Ine ndimatumizira mng'ono wanga ali ku Leeds, anapita nthawi ija UK inatsegula ma visa a ntchito yosamalira okalamba mu 2022, ndipo chifikireni kumeneko nyimbo yake ndi imodzimodzi pa foni, ndiwo, ndiwo, ndiwo. Nsima akudya, ufa wa Iwisa amaupeza mu mashopu a anthu a ku Africa, koma ati nkhuku ya mu firiji tsiku ndi tsiku yamukola.

Pa nsomba ndiye amayiwa ndawagonjera. Usipa umene anaika ndi wofutsa, uja amayamba auviika m'madzi owira kenako n'kuyanika pa thandala, osati woyanika pansi uja ukamatafuna mchenga umachita kulira m'mano. Ati ali ndi munthu wawo ku Senga Bay amene amawaodera, sagula wa pa msika waukulu umene wakhalitsa pa dzuwa ndi fumbi la maminibasi. Ndinapita kunyumba kwawo ndisanamalize kulipira chifukwa ine za pa intaneti sindizikhulupirira ndisanaone ndi maso, ndinapeza athira usipa pa lichero, mtsikana wawo akusankha umodziumodzi, wothyoka mutu pambali, wophulika pamimba pambali, wabwinowo akuuyala pa mphasa padzuwa. Ndinafunsa kuti mukuyanikiranji poti ndi wouma kale, anandiyang'ana n'kuti "asisi, nsomba ikalowa mu pulasitiki ili ndi chinyezi ngakhale pang'ono chabe, pofika kumeneko yachita nkhungu, ndiye mudzabwera pano kudzati ndakuberani." Akamaliza amaika m'mapaketi n'kutulutsa mpweya ndi kamakina, paketi imachita kuuma gwaa, kenako n'kuikanso mu ina. Ndinanunkhiza dala, fungo ziii. Amene munakwerako basi ndi munthu wonyamula usipa mu jumbo mukudziwa kuti izi si zamasewera.

Utaka anapanganso chimodzimodzi. Chambo chowamba ndimafuna kwambiri chifukwa mng'ono wangayo ndi chimene amakonda, koma anandikaniza okha, anati chili ndi mnofu wambiri ndi mafuta, nyengo ya mvula sichiuma mpaka mkati ndipo bokosi likachedwa pa njira chimaononga ndi zina zomwe. Wogulitsa wokukaniza chinthu chimene akanapezapo phindu sapezekapezeka masiku ano, apa pokha ndinaona kuti ndi anthu oona mtima.

Mfutso anaika wa chitambe ndi wa nkhwani, wobiriwira bwino osati wakuda uja wakhalitsa mu chikwatu, ndipo ngati pali chinthu chimene ndalama yanu imagwira ntchito pa bokosi lonse ndi chimenechi. Ndi wopepuka, sutenga malo, kapaketi kamodzi ukaviika kamadzaza poto. Nsinjiro amasinja tsiku lomwe akulongedza, mtedza amayamba asankha kuchotsa wa chuku ndi wofota, ndinaona ndekha mbale ya wotayidwa ili pambali. Mwina mungati bwanji osangogula chiponde cha m'botolo komweko, inenso ndinatero, koma mng'ono wangayo anati wayesa kutendera nacho ndiwo zimangotuluka zotsekemera ndi zamafutamafuta, si zomwe zija. Tinaikamonso bowa wouma, therere louma losinja, ufa wa malambe ndi chimera pang'ono choti aziphikira thobwa, ngakhale kaya thobwa limasasa bwanji m'dziko lozizira chonchija, izo ndi zake.

Mpunga ndi Kilombero weniweni wa ku Karonga. Ndikunena weniweni chifukwa tonse tikudziwa zimene zimachitika m'misika yathuyi, pamwamba pa thumba Kilombero pansi mpunga wina, kapena angosakaniza basi n'kumakuuza mtengo wa Kilombero. Uwu ukangotsegula paketi fungo limakupeza usanaphike n'komwe, ndipo anapeta bwino, mulibe timiyala. Koma mpunga ndi wolemera, kumbukirani, ine ndinaika makilo awiri okha oti azidya Lamlungu.

Tsopano nkhani ya mtengo, apa ndiye mumvetsere. Iwo ali ndi mabokosi okonzeratu, laling'ono, lapakati ndi lalikulu, ndipo pa chithunzi amaoneka okongola kwambiri, muli Sobo, Kamba puffs, tiyi wa Chombe, Nali, mabisiketi, zonse zija zokumbutsa ubwana. Mtengo umene amalemba pa chithunzipo ndi wa katundu ndi kulongedza basi, wa ndege palibepo, ndipo sanena pokhapokha ufunse. Wa ndegewo ndi umene uli waukulu, kwa ine unaposa wa katundu yense kutalitali. Komanso anthu ambiri sadziwa kuti makampani onyamula katundu pa ndege sangoyang'ana sikelo yokha, amayezanso kukula kwa bokosi, amachulukitsa kutalika, mulifupi ndi msinkhu mu masentimita n'kugawa ndi 5000, chimene chakula pakati pa nambala imeneyo ndi ya pa sikelo ndi chimene umalipira. Bokosi la 40 mbali zonse amaliwerengera makilo 12.8 ngakhale mutaikamo thonje. Ndiye taganizani Kamba puffs, paketi yonse ija ndi mpweya, ukulipira ndege kuti inyamule mpweya wa ku Lilongwe kupita ku England. Sobo naye botolo la malita awiri ndi makilo awiri ndi kanthu, ambiri mwa iwo madzi. Sindikunyoza zinthuzi ayi, ana anga amadya tsiku lililonse, koma m'bokosi lopita pa ndege zikudyerani malo a mfutso ndi usipa wa miyezi ingapo.

Nditawauza kuti ndikufuna kusankha ndekha zoika sanavute, anati palibe vuto asisi, kungoti sanayambe ndi iwo kundiuza kuti zimatheka. Ndinachotsa Sobo ndi mabisiketi, Kamba ndinasiya tiwiri chifukwa cha mwana wa mng'ono wangayo, tiyi ndinasiya chifukwa ndi wopepuka ngakhale kunena zoona tiyi ku UK sasowa, wa ku Thyolo ndi Mulanje yemweyu ambiri amathera komweko atasakanizidwa ndi wina. Nali ndinasiya botolo limodzi, lija lolembedwa kuti Abale Samalani, mng'ono wangayo anati akufuna azingoliona pa tebulo.

Chinanso chimene chinandinyansa, mtengo wa ndege anandiuza kumayambiriro kwa sabata pofika tsiku lotumiza unali utakwera. Ndikumvetsa kuti si iwo amaika mitengoyo, onyamula katunduwa amatsatira dola, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 palibe mtengo umene umakhazikika mdziko muno. Koma ukamauza kasitomala mtengo umuuzenso kuti ukhoza kusintha, osati munthu watumiza kale ndalama wamaliza bajeti yake, kenako uthenga ukubwera kuti asisi muonjezereko. Ndinaonjezera inde, ndikanatani katundu ali kale m'bokosi, koma zinandiwawa.

Kambuzi ndiye anatichititsa manyazi. Amapanga okha wa mu mafuta, wokoma kwambiri, ndinalawa kunyumba kwawo ndi chinangwa chophika mpaka thukuta. Anathira m'kabotolo ka pulasitiki ka chivindikiro chongopotokola, n'kukulunga tepi, basi. Pofika ku Leeds mafuta anali atatuluka, pafupifupi theka, anyowetsa pansi pa bokosi ndi chitenje chimene amayi athu anaikamo ngati mphatso. Mwamwayi nsomba ndi mfutso zinali zomata ndiye sizinakhudzidwe, koma chitenjecho mpaka lero chili ndi banga lofiira ndipo ati atachichapa koyamba manja amayabwa usiku wonse. Chimene chikundidabwitsa n'choti anthu omwewo amene anasamala usipa umodziumodzi analephera kuganiza kuti botolo la mafuta likufunika kulowa mu jumbo yakeyake. Nditawatumizira zithunzi sanakane kapena kuloza chala a ndege, anayankha tsiku lomwelo kuti pepani asisi talakwitsa ndife, ulendo wina tikuikirani kambuzi wouma ulere. Ndalama ya chitenje sanaitchule, inenso sindinaumirire. Langizo langa tengani wouma kapena wosinja, mafuta akathira okha kumeneko, alipo ambirimbiri.

Pa malamulo a kumeneko amadziwa ndithu mbali ina. Anandiuziratu kuti chilichonse cha nyama kapena mkaka sichiloledwa kulowa ku UK kuchokera kuno, ndiye za nyama yofutsa, mbewa kapena chambiko muiwale. Ngumbi nazo anakana, anati sangaike bokosi lonse pa chiswe chifukwa cha kapaketi kamodzi, akangokayikira chinthu chimodzi amatha kuligwira lonse. Mng'ono wanga anadandaula koma ine ndinagwirizana nawo. Pa fomu analemba chilichonse mwa dzina lake m'Chingerezi, osabisa kanthu, ndipo anandijambulira kuti ndione. Chimene sanandiuze n'choti ku UK mphatso imalowa popanda VAT ngati mtengo wake sukupitirira £39, ikapitirira wolandirayo akhoza kuuzidwa kuti alipire kaye asanamupatse katundu. Lathu linapitirira, ndiye mng'ono wanga uja analandira uthenga ali ku ntchito woti alipire, anaimba foni atakwiya akuganiza kuti ndi akuba a pa intaneti. Sinali ndalama yambiri kwa munthu wolandira mapaundi koma akanadziwiratu bwenzi zili bwino. Munthu amene bizinesi yake ndi yomweyi amayenera kudziwa zimenezi n'kumauza anthu.

Za nthawi, anati masiku 7 mpaka 10, linachedwerapo pang'ono koma osati modetsa nkhawa. Nambala ya tracking anandipatsa nditachita kuwakumbutsa, kenako ndimaona ndekha pa foni pamene lafika. Foni amayankha, ma voice note amamvera, ngakhale usiku.

Ena andifunsa kuti bwanji osangopatsira munthu amene akupita. Eya, ndi zotchipa, tonse tinapangapo zodikirira munthu pa KIA ndi kajumbo m'manja. Koma munthu ali ndi masutikesi awiri a makilo 23, achibale ake omwe amudzazira kale, iwe n'kubweranso ndi nsomba zako zokulunga mu nyuzipepala kuti akaike pamodzi ndi zovala zake, akafika umupemphenso akwere sitima kapena atumize pa positi kuchoka London kupita ku Leeds. Maubale ambiri aonongekera pamenepa. Kwa amene abale anu ali ku Joni nkhani ndi ina, mabasi ndi ma transporter odutsa pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge amanyamula ndi matumba omwe pa mtengo wabwino, ndipo zambiri zakuno zimapezeka kale kumeneko, sindikuona chifukwa cholipirira ndege. Sevisi iyi ndi ya amene anthu awo ali ku UK, Ireland, America, kumene basi siingafike, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo ake pa zakudya ndiye funsani kaye za dziko lanulo musanagule kanthu.

Ufa tinakangana nawo pang'ono ine ndi mng'ono wangayo. Iye amafuna makilo asanu a ufa woyera, uja wa mphale yoviika, ati wa m'mashopu akowo nsima yake imakoma mosiyana ndipo silimba bwino. Ndinamuuza kuti pa mtengo wa ndege umenewo ndiye nsima yake ikhala yodula kuposa nyama, tinagwirizana kilo imodzi. Amayi aja anatengera ku chigayo cha komweko ku 25, anauyanika bwino asanamate. Unatha msanga ndipo akufunanso, ine ndamuuza kuti ulendo uno atumize yekha za ndege pa Mukuru.

Ndiodanso kukayamba kuzizira kumeneko, koma bokosi lake likhala la usipa, utaka, mfutso, nsinjiro, bowa ndi kambuzi wouma uja anandilonjeza, za m'botolo ayi. Ndawapempha kuti pa zithunzi zawo azilemba mtengo wa ndege pa kilo pambali pa mtengo wa bokosi, anati asintha, ndayang'ana dzulo pa tsamba lawo zikadali momwemo.