Kontrola kapena batire, njinga yamagetsi ithamange bwanji?

Akabaza a pa Nchalo, njira zilipo ziwiri apa.

Kuseweretsa kontrola, kabokosi kamene kamalamulira magetsi ochoka ku batire kupita ku mota, ndiye kotchipa. Njinga zambiri zimabwera zotsekeredwa pa 25 km/h, mukachotsa malirewo pa sikirini imathamangako ndithu. Koma kukweza ma amp pa kontrola, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi opita ku mota, sikuonjezera liwiro ayi, kumangoipatsa mphamvu pokwera chitunda ngati cha Thabwa, ndipo ndi dzuwa la Okutobala kuchigwa kuno mota imatentha moti simungaigwire, mawaya mkatimo n'kupsa.

Kusintha batire, kuchoka 36V kupita 48V (V ndi ma volt, muyeso wa mphamvu ya batire), apa liwiro limakweradi. Ndalama ndiye zambiri, komanso kontrola ikhale yolola 48V apo ayi itha kupsa.

Ine ndingasankhe batire, bola muyambe mwakonza mabuleki, ng'ombe za ku Ngabu zija zimangolowa mumsewu.