Jombo za pulasitiki zokwerera mapiri: zimene ndaona pambuyo pa nyengo zingapo za chisanu

Jombo zimene ndikuunika pano ndinazigula kwa munthu amene anazisunga kwa zaka zambiri osazivala kwenikweni, moti zinkaoneka ngati zangotuluka kumene m'fakitale. Ndi za mtundu wokhala ndi zigawo ziwiri: chigoba cholimba cha pulasitiki kunja, ndi kajombo kofewa kosunga kutentha mkati, kamene kamatha kutulutsidwa. Mtunduwu unafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 1980, pamene makampani monga Koflach ya ku Austria, komanso Scarpa ndi Asolo a ku Italy, anabweretsa pulasitiki m'malo mwa chikopa chimene chinkamwa madzi masana n'kuuma gwaa usiku.

Pa nkhani ya kutentha ndilibe dandaulo. Mapazi anga sananyowepo ngakhale pamene ndinkayenda tsiku lonse m'chipale chofika m'mawondo, ndipo usiku ndinkagona ndi kajombo kamkati m'thumba logonamo kuti m'mawa ndikavale kofunda. Kulimba kwa soli kumathandizanso kwambiri pokwera khoma la ayezi, chifukwa munthu akaima pa mano akutsogolo a crampon (chitsulo cha mano akuthwa chomangirira pansi pa jombo kuti igwire pa ayezi), akatumba satopa msanga. Kuipa kwake n'kwakuti jombozi n'zolemera, ndipo pa njira ya miyala yopanda chipale zimapweteka miyendo.

Chimene chandichititsa kulemba ndi mmene zinathera. M'mawa wina kutazizira kufika pafupifupi madigiri 15 pansi pa ziro, ndikumenya phazi pa ayezi kuti mano alowe, chigoba chakumanzere chinang'ambika chopingasa pamalo pamene zala zimapindikira, mng'aluwo n'kuthamangira mpaka pa kachitsulo kokolekapo chingwe chomangira jombo. Kamlomo kakutsogolo, kamene waya wa crampon amagwira, kanabenthuka, ndipo crampon inatsala ikulendewera pa lamba wa m'kakolo. Ndinatsika mothandizidwa ndi chingwe cha mnzanga, chipale chikulowa pa mng'aluwo. Munthu zikamuchitikira ali pamwamba kwambiri, kutali ndi pothawira, akhoza kugwa kapena kutaya zala chifukwa cha chisanu.

Gwero la vutoli ndi ukalamba wa pulasitiki. Zigoba zambiri zakale zinapangidwa ndi polyurethane, ndipo mitundu ina ya pulasitiki ameneyu imadyedwa pang'onopang'ono ndi chinyezi cha mumpweya, zimene akatswiri amazitcha hydrolysis. Madzi amadula timaunyolo tosaoneka ndi maso timene timagwirizanitsa pulasitikiyo, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuwonongekako. Zimenezi zimachitika ngakhale jombo zili chikhalire m'kabati, choncho zaka zake ziyenera kuwerengedwa kuchokera pamene zinapangidwa, kaya zinavalidwa kawirikawiri kapena ayi. Kuzizira kumangomalizitsa ntchito: pulasitiki wofooka kale uja amasiya kupindika ndipo amathetheka ngati galasi. Apa mpamene anthu ambiri amanyengeka, chifukwa m'chipinda chofunda chigoba chomwecho chimapindika bwinobwino m'manja. Zigoba za Pebax, pulasitiki wopangidwa ndi kampani ya Arkema ya ku France, zimapirira kuzizira kuposa zimenezi, komabe guluu ndi chigawo chapakati pa soli nazo zimakalamba.

Amene ali ndi jombo zotere aziunike mofatsa nyengo ya chisanu isanayambe. Atulutse kajombo kamkati n'kuyang'ana ngati chaka chopangira chinadindidwa m'chigobamo. Aone ngati mtundu wasanduka wachikasu, ngati pulasitiki akumata m'manja kapena akutuluka fumbi loyera, ngati soli yayamba kumatuka, komanso ngati pali timing'alu topyapyala pozungulira tizitsulo ta zingwe ndi pa mfundo ya m'kakolo. Kenako aike jombozo usiku wonse m'firiji youmitsa zinthu, ndipo akazitulutsa azipinde mwamphamvu, amangepo crampon, amenye nazo pamalo olimba. Jombo yanga yakumanja, imene inkaoneka yabwinobwino, inang'ambika pachidendene nditaiyesa motere. Ngakhale yopambana mayesowa sindingaidalire pa phiri lalitali ngati chaka chake sichikudziwika.

Chigoba chong'ambika sichikonzeka. Guluu sangabwezeretse mphamvu ya pulasitiki amene wawola thupi lonse, ndipo kuika soli yatsopano n'kwaphindu pokhapokha chigoba chikadali chamoyo. Kusunga bwino kumachedwetsa kuwonongeka: ziume kaye, kajombo kamkati katulutsidwe, zikhale pamalo ozizira, ouma ndi opanda dzuwa, kutali ndi moto ndiponso kunja kwa jumbo yomanga.

Ndimaukondabe mtundu wa jombo umenewu, ndipo kwa wokwera mapiri ozizira kwambiri chigoba chatsopano chikadali chida chodalirika. Zakale zogulitsidwa ndi munthu amene sangathe kutchula chaka chimene zinapangidwa sindikulimbikitsa aliyense kuzigula, ngakhale zitakhala zopanda chipsera n'chimodzi chomwe.