Casio fx-991ES Plus: ndi yodalirika, koma pa nkhani ya infinity (kupanda malire) isakupusitseni

Calculator imeneyi ndi yolimba, imayendera dzuwa ndi batire la LR44, ndipo pa masamu a kusekondale ndi kukoleji imakwanira. Chenjerani ndi zachinyengo zofanana nayo, zachuluka pamsika.

Nambala ikafika 10^100 imalemba Math ERROR. Ndiye chifukwa chake 69! (kutanthauza 1×2×3 mpaka 69) imatheka koma 70! imakanika, poti imaposa 10^100. Pamenepa manambala sanathe ayi, malo ndiwo atha m'makinamo. Math ERROR ya 1÷0 ndi ina, chifukwa kumeneko yankho kulibe ndithu. Ili pa Deg (madigiri), yesani tan 89.99, mupeza 5729.58, tan 90.01 ikupatsani −5729.58. Mbali ina ikukwera, ina ikutsika, choncho kukana tan 90 ikuchita bwino. Chodandaulitsa n'chakuti mavuto awiri osiyana chonchi imawapatsa uthenga umodzi.

Chokoma kwambiri ndi Σ, chizindikiro chowonkhetsera mndandanda wa manambala. Dinani SHIFT kenako batani la log lokhala ndi timabokosi, X mumaipeza pa ALPHA ndi ). Wonkhetsani 1÷X kuyambira 1 mpaka 100, mupeza 5.187. Mpaka 1000, mutadikira kaye, mupeza 7.485 chabe. Wophunzira akaona kukwawa kotereku amati nambalayi yatsala pang'ono kuima, pomwe siima. Kuti ingodutsa 10 pamafunika manambala 12,367, komabe palibe malire amene singawadutse. Nicole Oresme, katswiri wa ku France, anasonyeza zimenezi cha m'ma 1350: 1/3 ndi 1/4 pamodzi zimaposa theka, zinayi zotsatira zimaposanso theka, zisanu ndi zitatu zotsatira chimodzimodzi, osalekeza. Umboni wotere makina sangakupatseni.

Kunama kwenikweni kuli apa. Lembani (1+1÷n)^n, n akhale 1,000,000. Mupeza 2.718280469, pafupi ndi nambala yodziwika m'masamu yotchedwa e, yomwe ndi pafupifupi 2.718281828. Mukamukuza n yankho liyenera kuyandikirabe e, koma ikani 10^16 muone: ikupatsani 1. Mkati imasunga madijiti 15 okha, ndiye ikaphatikiza 1 ndi kachidutswa kochepetsetsako, kachidutswako kamatayika, n'kutsala 1 yekha. Sichenjeza n'komwe.

Aphunzitsi ophunzitsa ma limit (nambala imene yankho limayandikira n akamakula), n asapitirire 1,000,000 pa makinawa, ndipo umboni uzilembedwa pabolodi. Pa ntchito zina zonse za m'kalasi, guleni.