Sumo pa Kokugikan, ndalama zanga sizinapite pachabe

Abale inu, ine sumo ndinkaitenga ngati masewera a anthu onenepa ongokankhana atavala matewera, koma nditalowa mu Ryogoku Kokugikan ku Tokyo mwezi wa May ndinadzichitira manyazi ndekha. Holoyi ili pafupi penipeni ndi siteshoni ya Ryogoku, ukangotsika sitima wafika, ndipo imalowa anthu pafupifupi 11,000. Mpikisano umatenga masiku 15, ku Tokyo umachitika January, May ndi September basi, ndiye tikiti guliranitu pa intaneti, zimatha msanga zedi.

Ine ndi chimidzi changa 9 koloko mmawa ndinali nditakhala kale, holo ili mbee, akulimbana ndi anyamata ongoyamba kumene. Madolo enieni amatulukira cha mma 4 ndipo 6 koloko zonse zatha, ndiye mukafika 2 koloko simunaluze kanthu.

Chomwe chinandisokoneza poyamba nchakuti madolo awiri akwera pabwalo ladothi lolimbiranapo, amenyetsa mapazi pansi, awaza mchere, anjuta, ayang'anitsitsana ngati alandana mkazi, iwe nkuti zayambika, iwo nkudzuka kukatenganso mchere wina, mpaka maminitsi 4 akungotero, kenako phuu! kugundana, masekondi 5 munthu wakunkhulira kunja. Ndinayamba ndanyansidwa koma pofika madzulo ndinazindikira kuti kukoma kwake kuli pa kudikira komweko, holo yonse ikukuwa mayina, mtima uli mmwamba. Ndiye sayang'ana sikelo, kamunthu kochepa thupi amakaika ndi chimphona, ndipo kakachigwetsa chimkokomo chake ngati pa Kamuzu Stadium chikalowa chigoli.

Mipando ine ndinasankha yapamwamba, ya mpando weniweni. Pansi pali timabokosi ta anthu anayi, mumavula nsapato nkukhala pa khushoni, kuona bwino inde koma ndi maondo angawa sindikanalimba. Pamwambapo ndi pataliko, nkhope simuziona bwino, tengani mabainokyula ngati muli nawo.

Osatulukamo musanadye yakitori, kanyenya wa nkhuku wapatimitengo amene amawotchera pansi pa holo yomweyo, amakoma ngakhale atazizira. Akuti nkhuku ndi yamwayi poti imayima ndi miyendo iwiri, pomwe mu sumo ukangogunda dzanja pansi waluza. Ine ndinadya mabokosi awiri, lachitatu ndinanyamula.