Conn 8D yakale: zomwe ndaona patapita miyezi ndikuiliza

Chaka chatsala pang'ono kukwana chigulireni French horn (lipenga la mapaipi ozungulizidwa) yogwiritsidwa kale ntchito, ya mtundu wa Conn 8D, yopangidwa ku Elkhart, Indiana, fakitale isanasamukire ku Abilene, Texas kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ndimaikondabe ngati tsiku loyamba. Koma chomwe chandiphunzitsa kwambiri si mawu ake, ndi mavalavu, tizida tomwe timasintha njira ya mpweya mukadina batani.

Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1937, motengera kapindidwe ka mapaipi ka Kruspe, wopanga malipenga wa ku Germany. Chitsulo chake ndi nickel silver (chosakaniza chooneka ngati siliva), ndipo khosi la belu, kukamwa kotambalala komwe mawu amatulukira, ndi lalikulu, motero mawu ake ndi akuya, odzaza. N'chifukwa chake oimba a ku New York, Cleveland ndi m'masitudiyo a Hollywood anaudalira kwa zaka zambiri. Ndili m'gulu, ndikaomba mwamphamvu mawu sang'ambika msanga. Mtengo wake ndi mpweya: lipengali limafuna chifuwa. Wophunzira amene wangoyamba kumene ndingamulozere ku Yamaha YHR-567, ya kapindidwe kena ka mapaipi kotchedwa Geyer, yomwe imayankha msanga.

Lipenga lomwe ladutsa m'manja mwa anthu kwa zaka zoposa 50 mavalavu ake amakhala atadyeka, ngakhale kunja kukunyezimira bwanji. Langa valavu yachitatu inkataya mpweya. Manoti apamwamba ankaterera, ndipo ndikafuna kuimba motsitsa, noti inkachedwa kutuluka. Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo ndikupempha aliyense achite izi asanapereke ndalama. Sololani slide (kapaipi kosololoka) ya valavu osadina batani lake: ikalira kuti phu, mpweya ukugwira, ikatuluka mwakachetechete, pali vuto. Mafuta olimbirapo anabisa vutoli kwa kanthawi, koma mankhwala enieni anali kwa mmisiri. Iye anakuta valavu iliyonse ndi chitsulo chatsopano n'kuipala mpaka inakhala bwino m'nyumba yake. Inali ntchito yodula, ndipo ndinakhala masabata wopanda lipenga. Litabwera, manoti omwe ndinkalimbana nawo anangokhala pamalo pake. Ndalama imeneyo sindiidandaula ngakhale pang'ono.

Zing'onozing'ono ndimasintha ndekha. Tizingwe tomwe timalumikiza batani ndi valavu timaduka tsiku lomwe simukuyembekezera, choncho m'bokosi mumakhala chingwe chodulirathu ndi kasikuludiraiva. Chingwe cholukidwa cha mbedza, cholimba bwino, chimagwira ntchito. Timphira toimitsa valavu tinali titauma n'kuphwatalala, moti ndikadina pankamveka kuti kwa kwa. Posintha timeneti musathamange. Tsegulani kachivundikiro ka valavu, muona timizere tiwiri tojambulidwa pachitsulo. Mphira muidule pang'onopang'ono ndi lezala mpaka timizereto tigwirizane, batani lili chodina komanso lili chosiya. Timizereto tikasiyana ngakhale pang'ono, njira ya mpweya imachepa ndipo lipenga limamveka ngati munthu wachimfine.

Chomwe ndinakana kusintha ndi leadpipe, paipi yomwe mouthpiece (kachitsulo koikapo milomo) imalowamo. Anzanga ena anandiuza kuti ndiike yatsopano kuti manoti apamwamba afewe, ndipo n'zoona kuti paipi imeneyi imasintha kwambiri kayankhidwe ka lipenga. Koma ndinagula 8D ya ku Elkhart chifukwa cha khalidwe lake, ndipo paipiyo inalibe chiboo kapena kupindika. Mavalavu atakonzedwa, vuto lomwe ankati ndi la paipi linatha lokha. Amene lanu ndi la brass yachikasu, yang'anani timadontho tofiirira pa paipi imeneyi. N'chizindikiro choti chitsulo chikudyeka kuchokera mkati, ndipo pamenepo kusintha n'koyenera. Onaninso tsinde la mouthpiece, poti la ku America ndi la ku Ulaya n'zosiyana kasongokedwe, ndipo losayenera limagwedera n'kusokoneza manoti.

Chatsala ndi chikopa chotchinga pomwe dzanja lamanzere limagwira. Thukuta la eni ake akale linadya kale chitsulo pamenepo, ndipo mmisiri wati mwezi wamawa awotcherepo kachigamba kasanabooke.