Nthano yokoma, koma iwerengedwe ndi pensulo m'manja: nyenyezi 3 mwa 5

Bukuli ndi nthano yaitali ya m'Chichewa yomwe ikupezeka m'mashopu a mabuku muno mu Zomba. Ikutsata banja la mesenjala wa boma amene adatsala pamene likulu linkasamukira ku Lilongwe mu 1975, n'kukayamba usodzi ku Kachulu, doko la pa Nyanja ya Chilwa, mpaka nyanjayo itaphwa mu 1995. Malo mlembi amawadziwa. Msika wa Mpondabwino, matemba pa thandala, matope a kunyanja, zonsezi zikuoneka ndi maso. Chovuta ndi kalembedwe.

Vuto lalikulu ndi wofotokoza nkhani. Mutu umayamba ndi "ine" amene ndi bambo, koma ikangotha ndime imodzi "ine" yemweyo wasanduka mwana wake wamkazi, popanda mzere wodumpha kapena chizindikiro chilichonse. Woŵerenga amazindikira atapita masamba awiri, pamene "ine" uja wayamba kusinja. Pamwamba pa izo mulibe mitengero, ndiye mawu oyankhula, maganizo a mumtima ndi mafotokozedwe zangosakanikirana m'ndime imodzi. Mwina mlembi adachita dala kuti zimveke ngati kukamba kwa pabwalo. Koma pabwalo mawu a munthu amasintha ndipo nkhope imaoneka. Papepala mulibe zimenezo.

China ndi maina. Mayi mmodzi akutchedwa Nabanda ndi mwamuna wake, amake Mphatso ndi anansi, ndiponso dzina lake la pa ubatizo ndi anzake a ku mvano. Kumudzi n'momwe timaitanirana, palibe cholakwika, koma bukuli silinena paliponse kuti ndi munthu mmodzi. N'kosavuta kufika pakati pa buku ukuganiza kuti bamboyo ali pa mitala.

Zaka nazo zimalumphalumpha. Chothandiza n'chakuti mlembi amasiya kachizindikiro: akatchula kutalika kwa mtunda wochoka padoko kukafika pamadzi, dziwani kuti muli chakumapeto kwa nkhani.

Kuti mulimalize, tengani pepala mulembe ampangankhani onse, aliyense ndi maina ake onse pamzere umodzi, mulisunge m'bukumo. Poyamba ndime iliyonse ikani chilembo cha pensulo m'mphepete kusonyeza amene akuyankhula. Ndime ikakusokonezani, iwerengeni mokweza, chifukwa bamboyo amayankhula ndi miyambi pomwe mwana wake ziganizo zake n'zazifupi, ndipo khutu limagwira msanga kusiyana ndi diso. Mitu itatu yoyambirira iwerengeni kawiri musanapitirire. Musaliwerenge m'minibasi.

Zina si za mlembi, n'za okonza buku. Mawu amodzimodzi alembedwa "kulila" tsamba ili, "kulira" tsamba linalo, chonsecho lamulo loti r amatsatira e ndi i n'lodziwika, ndipo a Centre for Language Studies, bungwe loona za ziyankhulo, ali momuno mu Zomba. Mipatuliro ikusowa m'ziganizo zazitali za mizere isanu. Zilembo n'zazing'ono, ndipo guluu wa kumsana ndi wochepa, moti mukalitambasula kwambiri masamba apakati amayamba kuthothoka. Likutireni ndi pulasitiki mukangogula.

Amene adazolowera nthano zoyenda mokhotakhota alikonda, makamaka mitu ya kuphwa kwa nyanja. Kwa wophunzira wa Fomu 3 kapena 4 amene akufuna kuzolowera kutsata tsatanetsatane wa nkhani mayeso a MSCE asanafike, ayambe kaye ndi buku lina.